Long John Nebel

Long John Nebel (11 Juni 1911 – 10 Epulo 1978), yemwe dzina lake lobadwa nalo linali John Zimmerman, anali muulutsi wa pa wailesi wa ku United States. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1950 mpaka chaka chimene anamwalira, ankayendetsa pulogalamu yocheza ya usiku wonse mumzinda wa New York, poyamba pa wailesi ya WOR, kenako pa WNBC, ndipo pomaliza pa WMCA. Pulogalamuyo inatchuka chifukwa cha nkhani zimene mawailesi ena ankazipewa, monga mbale zouluka, anthu onena kuti anakumana ndi zolengedwa za ku mapulaneti ena, mizimu ya akufa, ufiti, kulosera za m'tsogolo, hypnosis ndi zikhulupiriro zachilendo.

Nebel analowa ntchito ya pa wailesi ali ndi zaka zoposa 40, atatha zaka zambiri akugulitsa katundu m'misewu ndi pa okushoni. Iye ankanena poyera kuti zambiri zimene alendo ake ankafotokoza sankazikhulupirira, komabe ankawapatsa maola ambiri oti alankhule, n'kuwakhazika pamodzi ndi anthu okayikira kuti awapanikize ndi mafunso. Amaonedwa ngati mmodzi mwa anthu amene anayambitsa mapulogalamu ocheza a usiku ku America, ndipo aulutsi ena amene anabwera pambuyo pake, monga Art Bell, anatsata njira yomweyo.

## Ubwana ndi ntchito zoyambirira

John Zimmerman anabadwira ku Chicago m'chigawo cha Illinois. Sukulu anasiyira giredi 8, koma ankakonda kuwerenga moyo wake wonse, moti ankatha kucheza ndi madokotala, maloya ndi olemba mabuku pa nkhani zosiyanasiyana. Dzina lakuti Nebel analitenga kwa mayi ake omupeza. Lakuti Long John linabwera chifukwa cha msinkhu wake, popeza anali wamtali pafupifupi masentimita 193 komanso wochepa thupi.

Anasamukira ku New York cha m'ma 1930 ali ndi zaka pafupifupi 19. Imeneyi inali nthawi ya mavuto aakulu a zachuma amene anayamba mu 1929, pamene ntchito zinali zosowa. Poyamba ankalondolera anthu pokhala m'holo ya Paramount Theatre ku Times Square. Pambuyo pake anagwira ntchito zosiyanasiyana, kuphatikizapo kujambula zithunzi ndi kugulitsa tinthu ting'onoting'ono m'mbali mwa msewu.

Malonda a mumsewu ndi amene anamuphunzitsa luso limene anadzadya nalo pa wailesi. Wogulitsa wotere alibe sitolo ndipo alibe makasitomala okhazikika. Amayenera kuimitsa anthu odutsa, kuwasunga ndi nkhani mpaka gulu litakula, kenako n'kutchula mtengo pa nthawi imene anthuwo atengeka. Pa ntchitoyi Nebel anadziwanso machenjerero a anthu a zionetsero zoyendayenda, olosera ndi ogulitsa mankhwala achinyengo, ndipo zimenezi zinadzamuthandiza kuzindikira msanga mlendo wonama.

Kenako anatsegula malo a okushoni m'mbali mwa msewu waukulu wa Route 46 ku New Jersey, otchedwa Long John's Auctions. Malowa ankadzaza, ndipo ena ankapitako osati kukagula kanthu koma kukangomvera nthabwala ndi nkhani zake.

## Kuyamba ntchito pa wailesi ya WOR

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 wailesi yakanema inafalikira mofulumira m'nyumba za ku America. Masewero, nthabwala ndi mapulogalamu otchuka amene kale ankamveka pa wailesi anasamukira pa kanema, ndipo makampani otsatsa malonda anawatsatira. Mawailesi ambiri anayamba kungoimba nyimbo za m'malekodi. Maola a pakati pa usiku ndiwo anali ovuta kwambiri kugulitsa, chifukwa eni mawailesi ankaganiza kuti nthawi imeneyo anthu onse ali m'tulo.

Pa nthawi imeneyi Nebel anapita kwa akuluakulu a WOR ndi ganizo la pulogalamu yofunsa anthu mafunso pa zinthu zodabwitsa ndi zosamvetsetseka. Akuluakuluwo sanatengeke nalo kwenikweni ganizolo, koma popeza omvera anali atachepa, anamulola kuyesa. Patangopita miyezi yochepa pulogalamuyo inapeza omvera ambiri, ndipo manyuzipepala anayamba kulemba za iyo.

Chinthu china chimene chinamuthandiza chinali mphamvu ya wailesiyo. WOR inkaulutsa pa 710 kHz pa AM ndi mphamvu ya mawati 50,000, yomwe ndi malire amene malamulo a dzikolo amalola. Masana mafunde a AM safika patali kwambiri, chifukwa mbali ya m'munsi ya mpweya wa kumwamba wotchedwa ionosphere imawameza dzuwa likamawala. Usiku mbali imeneyi imazimiririka, ndipo mafundewo amagunda mbali za pamwamba n'kubwerera pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Choncho pulogalamu imene masana ikanamveka ku New York ndi madera oyandikana nawo okha, usiku inkamveka m'zigawo zambiri za kum'mawa kwa United States mpaka ku Canada. Omvera ake anali anthu ogwira ntchito usiku, madalaivala a mathiraki ndi matakisi, alonda, anamwino, ophunzira ndi anthu osowa tulo.

## Mmene pulogalamu inkayendera

Pulogalamu ya pa WOR inkatchedwa Party Line, dzina limene kalelo linkatanthauza waya umodzi wa telefoni wogwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo, pomwe wina ankatha kumvetsera zokamba za anzake. Inkayamba pakati pa usiku n'kutha m'bandakucha, maola opitirira asanu, masiku ambiri pa mlungu.

Kawirikawiri pankakhala mlendo wamkulu mmodzi ndi kagulu ka anthu angapo okhala mozungulira tebulo. Kaguluka kankasinthasintha, ndipo mwa anthu amene ankabwera pafupipafupi munali olemba nthano za sayansi Lester del Rey ndi Frederik Pohl, katswiri wa zinyama Ivan T. Sanderson, wolemba nkhani za mbale zouluka James W. Moseley, ndi James Randi, katswiri wa zionetsero zopusitsa maso. Nebel ankayamba ndi kulola mlendoyo kufotokoza nkhani yake yonse mosamudula mawu. Kenako iye ndi anzakewo ankabwerera pa mfundo imodziimodzi, kufunsa masiku, malo, mboni ndi umboni. Popeza nthawi inali yambiri, mlendo wopeka nkhani ankatha kudzitsutsa yekha usiku usanathe. Omvera ankatumiza mafunso awo pa telegalamu, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kuimba foni n'kumveka pa wailesi.

Akuluakulu a WOR ankaopa kuti mlendo kapena woimba foni akhoza kutukwana kapena kunyoza munthu pa wailesi, zomwe zikanaika wailesiyo m'mavuto ndi boma. Pofuna kupewa zimenezi, mu 1956 injiniya wina dzina lake Russell Tinklepaugh anasintha makina ojambulira mawu a Ampex 300 powaika mitu ina yowerengera tepi. Mawu ankajambulidwa pa tepi yozungulira, tepiyo n'kuyenda kamtunda isanafike pa mutu wachiwiri umene unkatumiza mawuwo kwa omvera. Zimenezi zinkachedwetsa mawu ndi masekondi angapo, nthawi yokwanira kuti injiniya adule mawu osayenera. Pulogalamu ya Nebel inali imodzi mwa mapulogalamu oyamba kugwiritsa ntchito njirayi, imene masiku ano ndi yofala pa mapulogalamu oimbirapo foni.

Malonda ankawatsatsa yekha ndi pakamwa, osawerenga mawu olembedwa ndi kampani monga mmene ena ankachitira. Ankawalowetsa m'kati mwa macheza ngati nkhani wamba, ndipo nthawi zina uthenga umodzi unkatenga mphindi zingapo. Amalonda ankamukonda chifukwa omvera ankagula zimene watchula. Apa ndi pamene maola a usiku, amene poyamba ankaoneka opanda phindu, anayamba kubweretsa ndalama.

Nebel ankakondanso kupusitsa omvera mwanthabwala. Nkhani yodziwika kwambiri ndi imene anakambirana ndi anzake mosaseka n'komwe, yakuti nyumba yosanja ya Empire State Building imazunguliridwa pa timipira tachitsulo tikuluzikulu anthu akagona. Omvera ena anaikhulupirira.

## Alendo a mbale zouluka

Nkhani ya mbale zouluka inayamba kutchuka ku America pa 24 Juni 1947, pamene woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, ananena kuti anaona zinthu zisanu ndi zinayi zikuuluka mothamanga kwambiri pafupi ndi phiri la Mount Rainier. Malipoti otere anachuluka, moti asilikali a m'ndege a dzikolo anakhazikitsa ntchito yowafufuza yotchedwa Project Blue Book, imene inayenda kuyambira 1952 mpaka 1969. Inalinso nthawi ya mantha a mabomba a nyukiliya ndi mpikisano wopita mumlengalenga pakati pa United States ndi Soviet Union.

Pa pulogalamu ya Nebel pankabwera magulu awiri a anthu okhulupirira nkhaniyi, amene sankagwirizana. Gulu loyamba linali la ofufuza ngati Donald Keyhoe, msilikali wopuma pa ntchito amene kuyambira 1957 ankatsogolera bungwe la NICAP. Iwo ankati zinthuzo zilipodi ndipo boma likubisa zimene likudziwa. Gulu lachiwiri linali la anthu onena kuti analankhula ndi eni mbalezo maso ndi maso. George Adamski ankati pa 20 Novembala 1952 anakumana ndi munthu wa ku Venus m'chipululu cha California. George Van Tassel ankachititsa misonkhano ya pachaka pa malo otchedwa Giant Rock ndipo ankamanga nyumba yozungulira yotchedwa Integratron, imene ankati anauzidwa kamangidwe kake ndi alendo a kumwamba. Uthenga wa gulu lachiwirili unali wofanana ndi wachipembedzo: ankati alendowo ndi anthu okongola, amtendere ndi okhwima mwauzimu, amene abwera kudzachenjeza dziko za nkhondo.

Munthu amene Nebel anamutchukitsa kwambiri anali Howard Menger, wolemba zikwangwani wa ku High Bridge ku New Jersey. Menger anayamba kubwera pa pulogalamuyo mu 1956, akunena kuti wakhala akukumana ndi anthu a ku mapulaneti ena kuyambira ali mwana ndiponso kuti anamutengera ku mwezi. Anthu ambiri anayamba kukhamukira kwawo, ndipo mu 1959 anatulutsa buku lotchedwa *From Outer Space to You*. Koma ataitanidwa pa pulogalamu ya Nebel ya pa wailesi yakanema, Menger anabwerera m'mbuyo pa zambiri zimene ankanena. Pambuyo pake ankafotokoza kuti mwina anagwiritsidwa ntchito ndi boma poyesa mmene anthu angalandirire nkhani zotere. Mu Disembala 1962 chombo cha Mariner 2 chinadutsa pafupi ndi Venus n'kusonyeza kuti pulanetilo ndi lotentha kwambiri, zomwe zinafooketsa nkhani za anthu ochokera kumeneko.

Panalinso alendo amene omvera ankawakonda chifukwa cha kuseketsa kwawo, monga Andy Sinatra, wometa tsitsi wa ku Brooklyn, amene ankavala chipangizo chachitsulo kumutu ndipo ankati mzimu wake umayendera mapulaneti ena. Katswiri wa nthabwala Jackie Gleason, amene ankasonkhanitsa mabuku ambiri a zamizimu, ankabwera kapena kuimba foni kawirikawiri. Iye analonjeza pa pulogalamuyo kupereka madola 100,000 kwa aliyense wobweretsa umboni wogwirika wa alendo a kumwamba, ndipo kenako anakweza ndalamayo kufika pa madola 1 miliyoni. Palibe amene anailandira.

### Nkhani ya Otis T. Carr

Otis T. Carr anali mkulu wa kampani ya OTC Enterprises ya ku Baltimore. Ankanena kuti anaphunzira kwa Nikola Tesla ndipo anatulukira mphamvu yaulere yoyendetsera chombo chooneka ngati mbale chotchedwa OTC-X1, chimene ankati chidzafika ku mwezi mu Disembala 1959. Anabwera pa pulogalamu ya Nebel, ndipo anthu anagula masheya ndi mapulani a chombocho.

Carr analengeza kuti pa 19 Epulo 1959 adzaulutsa chombo chaching'ono choyesera pa malo a zisangalalo a Frontier City ku Oklahoma City. Anthu mazana angapo anasonkhana, ndipo Nebel ndi anzake ena anapita komweko kuti akaone okha. Chombocho sichinanyamuke, ndipo Carr sanaoneke pamalopo. Nebel anakamupeza atagona m'chipatala china cha mumzindawo akunena kuti akudwala m'mapapo. Pambuyo pake khoti la ku Oklahoma linapeza Carr wolakwa pa mlandu wogulitsa masheya osalembetsa ndipo linamulipiritsa madola 5,000. Atalephera pa apilo ndiponso kulephera kulipira, anakhala m'ndende kwa masiku ochepa. Nkhaniyi imasonyeza mbali zonse ziwiri za ntchito ya Nebel: pulogalamu yake inathandiza kuti Carr adziwike kwa anthu amene anataya ndalama zawo, ndipo pulogalamu yomweyo ndi imene inauza omvera kuti chombocho sichinauluke.

## Zamizimu, chipembedzo ndi nkhani zina

Kuwonjezera pa mbale zouluka, Nebel ankaitana anthu onena kuti amalankhula ndi akufa, openda nyenyezi, ochiritsa mwa chikhulupiriro, ofufuza nyumba za mizukwa ndi onena kuti amadziwa za mumtima mwa munthu. Chiphunzitso chakuti munthu amabadwanso m'thupi lina chinali pakamwa pa anthu ambiri kuyambira 1956, pamene Morey Bernstein anatulutsa buku la *The Search for Bridey Murphy*, lonena za mayi wa ku Colorado amene atachitidwa hypnosis anayamba kufotokoza moyo wina umene ankati anakhala ku Ireland. Nkhani za mtundu umenewu zinkakambidwa pa pulogalamuyo mobwerezabwereza.

Apa ndi pamene James Randi ankathandiza kwambiri. Monga katswiri wopusitsa maso, ankadziwa njira zimene olosera ndi olankhula ndi mizimu amagwiritsa ntchito, ndipo ankatha kuchita zomwezo n'kunena poyera kuti ndi luso chabe. Nebel atachoka pa WOR, Randi anayendetsa pulogalamu ya usiku pa wailesiyo kwa kanthawi, ndipo mu 1976 anakhala mmodzi mwa oyambitsa bungwe la CSICOP lofufuza mwasayansi nkhani za mphamvu zodabwitsa.

M'kupita kwa zaka pulogalamuyo inakula kupitirira zodabwitsa zokha. Pankabwera olemba mabuku, andale, madokotala, maloya, atsogoleri a zipembedzo ndi omenyera ufulu wa anthu, kuphatikizapo Malcolm X. Anthu ena amene analibe mwayi wolankhula nthawi yaitali pa mawailesi a masana ankaupeza mwayiwo usiku kwa Nebel.

## Maganizo ake ndi zimene ankamudzudzula nazo

Nebel ankadzifotokoza ngati munthu wokayikira koma wachidwi. Nthawi zambiri ankamaliza macheza pouza mlendo kuti nkhani yake sanaikhulupirire, koma ankamulemekeza ndipo ankamuitananso. Ankadziona ngati wosangalatsa anthu ndi wamalonda, osati mphunzitsi kapena wofufuza.

Omudzudzula ankati kukayikira kwake kunalibe mphamvu poyerekeza ndi maola ambiri amene ankapereka kwa anthu achinyengo ndi osokonezeka maganizo. Ankati womvera amene ali yekha pakati pa usiku amakumbukira nkhani yodabwitsayo kuposa mawu ochepa otsutsa a kumapeto, ndiponso kuti alendo ena ankapezerapo mwayi wogulitsa mabuku, masheya ndi mankhwala. Kumbali ina, okhulupirira mbale zouluka ngati a NICAP ankadandaula kuti kuika ofufuza pamodzi ndi anthu onena kuti anapita ku Venus kunkachititsa nkhani yonse kuoneka yachibwana. Omuikira kumbuyo ankati mafunso a maola asanu ankavumbula bodza bwino kuposa kungomukaniza munthu kulankhula. Mkangano umenewu ukupitirirabe mpaka lero pa mapulogalamu onse a mtundu wotere.

## Pa WNBC ndi WMCA

Mu theka loyamba la zaka za m'ma 1960 wailesi ya WNBC inakopa Nebel ndi malipiro oposa madola 100,000 pa chaka, ndalama imene pa nthawiyo inali yaikulu kwambiri kwa muulutsi wa pa wailesi. Anakhala kumeneko mpaka 1973. Wailesiyo itayamba kutsamira pa nyimbo za rock pofuna omvera achinyamata, akuluakulu ake anafuna kuti iyenso asinthe pulogalamu yake. Nebel anakana ndipo anasiya ntchito.

Anapita ku WMCA, wailesi imene mu 1970 inali itasiya nyimbo n'kuyamba mapulogalamu ocheza okhaokha. Kumeneko ankayendetsa pulogalamu ndi mkazi wake Candy Jones, ndipo mafoni a omvera ankatenga nthawi yochuluka kuposa kale. Mu 1977 pulogalamuyo inayamba kuulutsidwa m'dziko lonse kudzera pa Mutual Broadcasting System, m'malo mwa pulogalamu ya usiku ya Herb Jepko. Pa 30 Januwale 1978 nthawi imeneyo pa Mutual inaperekedwa kwa Larry King, amene anatchukira pomwepo.

## Ukwati wake ndi Candy Jones

Nebel anakwatirapo kale asanakumane ndi Candy Jones, koma ukwati umene umakumbukiridwa kwambiri ndi womaliza umenewu. Candy Jones, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Jessica Arline Wilcox, anabadwa pa 31 Disembala 1925 ku Wilkes-Barre ku Pennsylvania. Anali mmodzi mwa akazi otchuka ojambulidwa m'magazini pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo anayenda m'madera a nyanja ya Pacific kukasangalatsa asilikali. Mu 1946 anakwatiwa ndi Harry Conover, mwini kampani ya anthu oonetsa zovala, ndipo ukwatiwo unatha mu 1959. Pambuyo pake anayendetsa sukulu yake yophunzitsa ntchito yomweyo.

Awiriwa anakwatirana pa 31 Disembala 1972, atakhala pa chibwenzi kwa mwezi umodzi wokha. Nebel anali ndi zaka 61, ndipo Jones anakwanitsa zaka 47 tsiku lomwelo. Malinga ndi kufotokoza kwa Nebel, mkazi wakeyo ankasowa tulo ndipo nthawi zina ankasintha mwadzidzidzi mawu ndi khalidwe, kukhala waukali ngati munthu wina. Pofuna kumuthandiza kugona, Nebel anayamba kumuchita hypnosis kunyumba, ngakhale kuti sanaphunzire ntchitoyi kusukulu iliyonse. Pa nthawi zoterezi Jones ankalankhula ngati munthu wina wotchedwa Arlene Grant, ndipo Nebel ankajambula zonse pa tepi.

Kuchokera m'matepiwo munatuluka nkhani yakuti kuyambira cha m'ma 1960 Jones ankagwiritsidwa ntchito ndi bungwe la ukazitape la CIA monga wonyamula mauthenga achinsinsi, kuti dokotala wina anamugawa umunthu pogwiritsa ntchito mankhwala ndi hypnosis, ndiponso kuti anatumizidwa ku Taiwan komwe anazunzidwa. Wolemba mabuku Donald Bain anasonkhanitsa zimenezi m'buku la *The Control of Candy Jones* la mu 1976. Mawu oyamba a bukulo analemba ndi Herbert Spiegel, dokotala wa matenda a maganizo wodziwika pa nkhani za hypnosis.

Bukuli linatuluka pa nthawi imene anthu anali atangomva kuti CIA inachitadi zoyesa zoterezi. Ntchito yachinsinsi ya MKUltra, imene inayamba mu 1953, inkayesa mankhwala monga LSD pa anthu, ena mwa iwo osadziwa. Mafayilo ake ambiri anawonongedwa mu 1973 molamulidwa ndi mkulu wa bungwelo Richard Helms. Nkhaniyi inaululika pa kafukufuku wa boma wa mu 1975, ndipo mu 1977 Nyumba ya Malamulo ya Senate inaimvanso zikalata zina zitapezeka. Chifukwa cha zimenezi anthu ambiri anaona kuti nkhani ya Jones ikhoza kukhala yoona.

Komabe palibe chikalata chimene chinatulutsidwa chotsimikizira kuti Jones anali m'ntchito imeneyi. Okayikira amanena kuti munthu amene wachitidwa hypnosis amatengeka mosavuta ndi mafunso a womufunsa, ndipo akhoza kupanga zikumbukiro za zinthu zimene sizinachitike n'kumazikhulupirira ndi mtima wonse. Amanenanso kuti wofunsayo anali mwamuna wake, amene anatha zaka pafupifupi 20 akumva nkhani za ziwembu ndi zinsinsi za boma. Nebel, amene anakana kukhulupirira alendo ake ambiri, nkhani ya mkazi wake anaikhulupirira.

## Matenda ndi imfa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Nebel anapezeka ndi khansa ya prostate. Sanabise matendawo kwa omvera, ndipo anapitiriza kugwira ntchito usiku ngakhale thupi linkafooka. M'zaka zomaliza mkazi wake ndi amene ankanyamula mbali yaikulu ya pulogalamu iye akalephera. Anamwalira ku New York pa 10 Epulo 1978 ali ndi zaka 66. Candy Jones anapitiriza kuulutsa mawu pa WMCA kwa kanthawi, ndipo nayenso anamwalira ndi khansa pa 18 Januwale 1990.

## Mabuku

Nebel analemba mabuku awiri onena za alendo ake ndi nkhani zawo. Loyamba, *The Way Out World*, linatuluka mu 1961 ndipo limafotokoza anthu a mbale zouluka, olankhula ndi mizimu, ochiritsa ndi otulukira makina odabwitsa amene anakumana nawo pa WOR. Lachiwiri, *The Psychic World Around Us*, analemba ndi Sanford M. Teller ndipo linatuluka mu 1969. Mbiri ya moyo wake inalembedwa ndi Donald Bain mu 1974, iye akali moyo, ndipo mutu wa bukulo umamutchula kuti mfumu ya macheza a pa wailesi, katswiri wa malonda komanso kathyali wochititsa kaso.

## Zimene anasiya

Nebel anasonyeza eni mawailesi kuti usiku kuli omvera okhulupirika amene amalonda angawafune, ndiponso kuti macheza okha, popanda nyimbo, akhoza kusunga anthu kwa maola asanu. Kachitidwe kake ka mlendo mmodzi, nthawi yaitali, mafoni a omvera ndi makina ochedwetsa mawu kanakhala maziko a mapulogalamu ambiri a usiku ku America. Larry King anakagwiritsa ntchito pa nkhani za ndale ndi anthu otchuka. Art Bell, amene ankaulutsa pulogalamu ya Coast to Coast AM kuchokera ku Pahrump m'chigawo cha Nevada, anabwezeretsa nkhani za mbale zouluka, mizimu ndi ziwembu pa wailesi ya usiku m'zaka za m'ma 1990, ndipo pulogalamuyo inapitirira ndi George Noory kuyambira 2003.

Makalata ndi zojambulidwa zina za mapulogalamu a Nebel zimasungidwa ku laibulale ya Syracuse University m'chigawo cha New York. Ofufuza mbiri ya wailesi ndi ya zipembedzo zatsopano amazigwiritsa ntchito, chifukwa muli mawu enieni a alendo ake akufotokoza zikhulupiriro zawo ndi kuyankha mafunso a owatsutsa.